Tinalambula Ndiwo za Agiriki

Buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku ndimalilemba m'Chichewa, chifukwa kusukulu kwathu kuno ku Sheffield palibe amene angaliwerenge ngakhale nditaliiwala pa desiki. Mapeji ambiri ndi odzaza mpaka m'mphepete. Koma peji ya Loweruka lina la mu Julaye chaka chatha ili ndi mawu atatu okha: "Lero ndagwira thumba." Tsiku limenelo dzanja linakana kulemba. Ndinali nditakwiyira amayi anga, anzawo onse, ndi pakamwa panga pomwe. Tsopano papita chaka, ndiye ndilembe bwinobwino zimene zinachitika.

Ndinabwera kuno ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, amayi atapeza ntchito ya unamwino pachipatala. Ife Amalawi a mbali ino ya tauni tilibe tchalitchi chathuchathu. Timapemphera Lamulungu masana mu holo ya tchalitchi cha Agiriki, pamwamba pa chitunda chimene basi imakwera ikubuula. Eni ake amapemphera m'mawa, ife timalowa iwo atatuluka, fungo la lubani wawo likadali m'makatani. Chaka chilichonse mu Julaye amachita chikondwerero cha zakudya ndi magule akwawo. Amayala matebulo pabwalo, amawotcha nyama yotunga pa timitengo, amavina atagwirana m'mapewa, ndipo anthu a dera lonse amabwera, ife tomwe.

Kusukulu ndinatha pafupifupi chaka chathunthu ndikudya nkhomaliro ndekha. Sikuti anthu ankandida. Kungoti ndikafuna kulankhula mawu amafika pakhosi n'kubwerera, ndipo ndikamaliza kuwakonza anzanga amakhala atasintha kale nkhani. Aphunzitsi onse amalemba chimodzimodzi pa lipoti langa: mwana wabwino, koma sitimumva. Ndiye Lolemba lina mtsikana wa m'kalasi mwathu anadzakhala pafupi nane n'kunena kuti, "Iwe ndinakuona dzulo. Mumapemphera mu holo yathu. Nyimbo zanu zimamveka mpaka pamsewu." Anali Mgiriki wobadwira konkuno, wolankhula ngati wailesi. Sanadikire kuti ndimuyankhe, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinamuyankha. Kuyambira pamenepo tinkadyera limodzi. Mnzanga wina ndinalibe.

Mu Meyi ananditengera kuseri kwa holo, kumene ife sitinkapitako. Kuli kampata pakati pa khoma ndi mpanda, kotalika ngati basi ziwiri. Ukayang'ana mothamanga ndi tchire basi. Pakhoma panayanga mpesa, nthambi zake zikulendewera paliponse, ndipo pansi panali tizomera tosakanikirana, tina touma kunsonga, tina ta maluwa achikasu ngati timene azungu amazula pa kapinga wawo. Panalibe mzere ngakhale umodzi, panalibe chikwangwani. Mnzangayo anathyola kamsamba, n'kukafikisa ndi zala, n'kundiika pamphuno.

"Rigani," anatero. "Aka timathira pa nyama. Ako ndi minti. Ito ta maluwa achikasu agogo amaphika ngati ndiwo. Mpesawu anadzala ndi agogo aamuna asanamwalire. Anabwera nako kamtengo kuchokera kwawo atakakulunga mu sokosi."

Anandiuza kuti sabata ya chikondwerero agogo ake aakazi amathyola masamba anthete a mpesawo, olingana ndi chikhatho, n'kukulungamo mpunga, timitolo tating'ono ngati chala. Masamba a m'botolo a kushopu sawakhudza, amati ndi mapepala onyowa. "Chaka chino andilola kukulunga nawo. Ndawauza kuti ubwera. Lachinayi la sabata imeneyo, tikaweruka. Udzakhala pafupi ndi ine." Tsikulo ndinalemba mapeji anayi.

Nzeru yolambula inachokera kwa atcheya a gulu la amayi a mpingo wathu, mayi aakulu thupi ndi mawu omwe. Amagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo amalankhula ndi aliyense ngati sakumva bwino. Ndinamva pambuyo pake kuti Lamulungu lina anapita kuseri kukataya madzi otsukira makapu, n'kubwerako atagwira pakamwa. "Azimayi, anthuwa amatisunga. Posachedwa alendo adzadzaza pano, ndiye kuseriko kuli ngati pamudzi posamuka. Ife manja tili nawo. Tichite manyazi." Anagwirizana kuti abwere Loweruka m'mawa, kutatsala sabata imodzi kuti chikondwerero chichitike, ndiponso kuti asauze eni ake, poti ntchito yothandiza mnzako ukailengeza ndiye kuti ukupempha zikomo. Kiyi wa pageti anali naye kale.

Ine ndinangomva amayi akundidzutsa kuti ndivale nsapato zakutha, tikukasesa kutchalitchi. Ndinkayesa m'kati mwa holo. M'basi ndi m'mene ndinaona khasu. Amayi ali ndi khasu lenileni lakwathu, anabwera nalo mu sutikesi lopanda mpini atalikulunga m'chitenje, mpini n'kudzapeza konkuno. Amalimira kadimba kawo ka ndiwo kutsidya kwa njanji. Nditaona mpini ukusuzumira m'chikwama, ndinazindikira kuti tikupita kuseri kuja.

Anabwera azimayi asanu ndi mmodzi, atamanga zitenje pamwamba pa mathalauza, awiri akuchokera kumene ku shifiti, maso ali ofiira. Atapemphera, atcheya anandipatsa thumba lakuda la zinyalala. "Iwe msana ukadali nawo koma khasu sulidziwa. Gwira apa, litsegule bwino."

Khasu loyamba linagwera pa minti.

"Amayi," ndinatero.

"N'chiyani?"

"Mwina tikanafunsa kaye."

Amene anamva ndi atcheya. Anaweramuka, dzanja lili m'chiuno. "Tifunse chiyani? Amake mwana, mwana wanuyu akuti tilembe kalata yopempha kusesa? Ana okulira kunowa! Mawa adzati tidzaze fomu tisanasambe."

Onse anaseka. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti tikakambirana kunyumba. Ndinatseka pakamwa, ndinatsegula thumba.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mawu oyenera ndinali nawo. Anali afupiafupi: izi ndi ndiwo za eni, anandionetsa. Ndinawabwereza mumtima kambirimbiri. Koma kunena choncho kunali kuuza amayi asanu ndi mmodzi, anthu ogwira khasu chibadwire, kuti sadziwa kusiyanitsa udzu ndi ndiwo. Ndinakula ndikumva kuti akulu akagwirizana mwana saikapo mlomo. Palibe anandiuzapo chochita akulu akagwirizana zolakwika.

"Muli njoka umu," anatero anti ena, akudula nthambi za mpesa ndi sizasi yaikulu ya kudimba.

"Njoka ku Sheffield, asisi? Yabwera pa sitima?"

"Sekani. Ikakulumani mukafotokoza nokha ku wodi kwanu."

Posakhalitsa kampata konse kanadzaza fungo, lokoma mpaka kuyambitsa njala. Amayi anaima n'kununkhiza m'manja mwawo.

"Koma udzu wa kuno! Ukununkhira ngati pitsa."

"Ku Ulaya ndi udzu womwe umadzola, asisi. Limani."

Pamenepo m'pamene ndikanalankhula. Amayi anali chiimire, khasu lili pansi, akuyang'anabe m'manja ngati munthu amene wayamba kuganiza. Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo atcheya anayambitsa nyimbo, onse n'kuvomera, makasu n'kuyambiranso motsatira nyimboyo. Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, ndinatola ka rigani kamodzi kamene kanazuka ndi mizu yake, n'kukabisa m'thumba la jekete.

Pofika masana panali patayera mbee, dothi lokhalokha, mizere ya tsache ikuoneka ngati pabwalo la kwathu m'mawa. Mpesa unatsala thunthu ndi nthambi ziwiri zopanda tsamba. Matumba onse anakawataya pa galimoto ya atcheya, maulendo awiri. Asanachoke anaimirira pamalopo makasu ali m'mwamba kuti ajambulitse. Wojambula ndinali ine.

Lamulungu masana atcheya anavala diresi latsopano. Pokwera chitunda ankatiphunzitsa zoyankha: akathokoza tizingoti palibe kanthu, ndi ntchito ya Mulungu. Titalowa pageti tinapeza Agiriki sanapite kwawo monga amachitira masiku onse. Anali ataunjikana pakona pa holo, ali chete, ngati pachitika ngozi. Pakati pa dothi lathu losesedwa bwinolo panali mpando, ndipo pampandopo panakhala agogo a mnzanga, mayi aafupi ovala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akuyang'ana khoma. Onse ankaganiza kuti ndi ntchito ya anthu achipongwe a m'deralo. Wina anali atatchula kale zoimbira apolisi.

"Ndife!" anatero atcheya m'Chingelezi, akumwetulira mpaka m'makutu. "Musavutike kuthokoza."

Wansembe wawo, bambo a ndevu zofika pachifuwa, anawatengera pambali n'kufotokoza motsitsa mawu. Ndinaona kumwetulira kwa atcheya kukutha, kuyambira m'maso, pakamwa n'kutsalira. Agogo aja sanatembenuke. Anangonena kanthu m'Chigiriki akuyang'anabe khoma, ndipo munthu wina anatimasulira monyinyirika: "Akuti ikanalowa mbuzi, ikanasiyako mizu."

Mnzanga anali ataima kumbuyo kwa mpando. Anandifunafuna ndi maso, ine ndinabisala kumbuyo kwa amayi. Mapemphero athu tsikulo anatha msanga, ndipo nyimbo sizinamveke pamsewu.

Ka rigani kaja ndinali nditakadzala m'kapu ya yogati pawindo. Lolemba ndinapita nako kusukulu nditakakulunga ndi pepala kuti kasathyoke. Ndinkaganiza kuti kakamutonthoza. Uchitsiru wanga unafika pamenepo. Nthawi ya nkhomaliro ndinakaika patsogolo pake. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Unalipo?"

"Ndinalipo."

"Ndiye unakumbukira kuti aka n'chiyani."

"Eya."

"Nthawi yokatola unaipeza. Nthawi yokabisa unaipeza. Koma yonena kuti siyani, ayi?"

Ndinayesa kumufotokozera za akuluakulu, kuti kwathu mwana sawongola akulu pagulu. Sanandilole kumaliza.

"Nafenso tili ndi akuluakulu. Agogo anga wawaona. Ndimakangana nawo tsiku lililonse, ndafa?"

Anakankhira kapu kwa ine, ananyamula mbale yake n'kukakhala pa tebulo lina. Munthu amene sankatha mphindi osalankhula sanandiuzenso liwu tsiku lonse. Kapuyo ndinabwerera nayo kunyumba m'basi, nditaifungatira ngati mwana wodwala.

Amayi a mpingo anagwirizana zokapepesa mwachikwathu, osati pa foni, osatinso chimanjamanja. Anagula nkhuku yolimba kushopu ya zakudya zakwathu, ndipo amayi anawonjezerapo mtolo wa bonongwe wa kudimba kwawo kuti dengu lisachititse manyazi. Lachiwiri nditaweruka ananditenga kuti ndinyamule. Agogo aja tinawapeza m'khitchini ya holo akusenda anyezi, mnzanga ali pambali pawo. Chingelezi agogowo amamva pang'ono, ndiye womasulira anali mnzangayo.

Amayi onse anagwada pansi, nanenso ndinagwada. Agogo anadzidzimuka, anayesa wina wakomoka, n'kuyamba kukoka mipando. Atcheya anakana mpando. Agogo anaukankhira kumbuyo kwawo. Atcheya anausuntha. Agogo anaubweza. Zinatenga kanthawi, mpaka agogo anatopa n'kukhalapo okha, mpeni ukadali m'manja.

Atcheya anayambira kutali. Anathokoza chifukwa cha holo, chifukwa cha magetsi, chifukwa cha hita ya nthawi yozizira. Anati tinabwera ndi mtima wabwino koma maso achilendo. Mnzanga ankamasulira chiganizo ndi chiganizo osatiyang'ana. Mawondo anayamba kundiwawa. Kenako atcheya anafika pamene ankafuna kufika.

"Kwathu timati wakutsina khutu ndi mnansi. Ife tinalibe wotitsina khutu. Pa tonse amene tinalipo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa."

Mnzanga sanamasulire. Anandiyang'ana, koyamba chichokereni pa tebulo paja. Sankandiopseza, ankangodikira. Ndinadziwa kuti akatembenuka n'kunena mawu amenewo m'Chigiriki, kunamiza agogo ake chifukwa cha ine, ndiye kuti za ine ndi iye zathera pomwepo.

"Ine ndinkadziwa," ndinatero m'Chichewa. Mawu anatuluka ngati a kamwana ka mphaka.

"Wati chiyani?" anafunsa amayi.

Ndinabwereza m'Chingelezi, ndipo ulendo uno anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira, mpaka mapoto opachika pakhoma analira. "Ndinkadziwa! Anandionetsa mu Meyi. Ndinkadziwa dzina la chilichonse. Ndinangogwira thumba."



"Mwana iwe," anatero amayi.

Atcheya anatembenuka ali chigwadire n'kubwerera ku Chichewa. "Ndiye unkangotiyang'ana tikupha ndiwo za eni? Pakamwa unabwereka ndani?"

Ndinafuna kuwakumbutsa za fomu yosambira ija, koma kulimba mtima kwanga kwa chaka chonse kunali kutatha.

Mnzanga anamasulira mawu anga onse. Agogo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo, n'kunena kanthu kafupi.

"Akuti utulutse lilime aone ngati lilipo."

Ndinalitulutsa, poti akulu anena. Agogo anawerama, analiyang'anitsitsa ngati dokotala, n'kugwedeza mutu.

"Akuti lilipo. Ndi laulesi chabe."

Kenako anakoka dengu. Nkhuku anaikweza ndi mwendo, anaigogoda ndi chala, n'kuiika pambali. Ataona bonongwe anakuwa. "Vlita!" Anatenga mtolowo ndi manja awiri, anaununkhiza, n'kuyamba kulankhula mothamanga mpaka mnzanga anasiya kumasulira n'kungofupikitsa. Kwawonso amadya bonongwe, ndipo dzina lake ndi limenelo. Chibwerereni ku England anali asanaone wanthete chonchi. Anafunsa kuti amalima ndani. Amayi, mosaganiza, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

M'basi amayi anandiyamba titangotsika chitunda.

"Wandichititsa manyazi kawiri. Posanena, ndi ponena."

"Nanga ndikanatani, amayi?"

"Ukanandikokera pambali."

"Ndinayesa. Munandiyang'ana."

"Ndiye diso limaluma?"

Tsikulo ndinalemba mapeji asanu, onse okangana ndi amayi, ndipo m'bukumo ndinawina.

Lachitatu mnzanga anadyerabe pa tebulo lina. Ndinaganiza kuti ndadzichititsa manyazi pachabe, ndataya mnzanga ndipo ndawonjezerapo atcheya. Lachinayi, tsiku lokulunga lija, ndinatuluka m'kalasi mochedwa dala kuti ndisamuone akupita yekha. Ndinamupeza pageti la sukulu, akuyang'ana kumsewu.

"Agogo agula masamba a m'botolo," anatero, osanditembenukira. "Mabotolo ambirimbiri. Ndi amchere, afunika kutsuka limodzilimodzi, osang'amba. Akuti atsuke ndi amene ankadziwa."

Ndinamutsatira.

Ndinaima pa sinki mpaka zala zinachita makwinya. Masambawo amatuluka m'botolo atamatana ngati mapepala onyowadi, ndipo ukalekanitsa mothamanga amang'ambika. Kumbuyo kwanga amayi achigiriki anali atazungulira tebulo, akukulunga ndi kukangana. Agogo ankabwera pafupipafupi, kutenga tsamba limodzi, kulikwezera kuwindo, n'kuusa moyo mokweza kuti ndimve. Nditatsala pang'ono kumaliza botolo lomaliza ndinamva kampando kakukhwekhwerezeka. Mnzanga anali atakakankha ndi phazi.

"Khala. Mbali yosalala pansi. Mpunga pang'ono, osadzaza, umafufuma. Pinda uku, pinda uku, ndiye uzipiringiza."

Kanga koyamba kanaphulika.

"Wakuphunzitsa ndani, atcheya anu? Bweretsa kuno."

Sanamwetulire. Koma atayamba kulankhula sanasiyenso, za mpunga, za aphunzitsi a masamu, za msuweni wake amene amavina ngati akuponda mphemvu. Sindinayambe ndakondwerapo ndi phokoso ngati tsiku limenelo.

Amene analipira mlandu wonse ndi amayi. Bonongwe uja anafesa mu Epulo m'kanyumba ka pulasitiki, mbewu yochokera kwathu, ndipo ankamulera ngati khanda, kumuphimba kukazizira, kumutolera nkhono ndi manja. Lachisanu agogo anafika kudimba ndi zikwama ziwiri zikuluzikulu ndi mpeni uja. Sanazule ngakhale mmodzi. Ankadula kunsonga kokha, ndipo akadula ankaloza katsinde kotsala m'dothi, n'kuyang'ana amayi. Kudula, kuloza, kuyang'ana. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu.

"Ndamva, agogo, ndamva," ankatero amayi m'Chichewa, akumwetulira mokakamiza. "Mizu mwasiya, taona. Ambuye, chilango ichi chitha liti?"

Potuluka agogo anaona chiluwe pa maungu, n'kuthyolanso.

Pa chikondwerero bonongwe wa amayi anali pa tebulo la ndiwo, wowiritsa wathunthu osadula, wozizira, wothira mandimu ndi mafuta, wopanda tomato, wopanda nsinjiro. Atcheya analawa n'kukwinya nkhope. "Ndiwozi azizunza. Zalakwa chiyani?" Koma mbale anamaliza, msuzi n'kupukuta ndi buledi. Agogo anali pa tebulo la timitolo. Aliyense wodzagula ankamuuza kudzera mwa mnzanga kuti masamba a chaka chino ndi a m'botolo, n'kuloza kumene tinakhala ife. Akaloza, atcheya ankakweza dzanja kubweza moni. Ine ndinkafuna dothi lija linditsegukire.

Anthu atayamba kuvina mnzanga anabwera pamene ndinaima, m'mphepete, kumene ndimaima nthawi zonse.

"Kakapu kaja ukadali nako?"

"Kali pawindo. Katulutsa timasamba tiwiri."

"Ubwere nako mawa."

Tinakadzala Lamulungu, iwo atatuluka ife tisanalowe, patsinde pa mpesa. Kankaoneka kosungulumwa pakati pa dothi lonse lija. Mnzanga anakazunguliza ndi timiyala.

"Ukadzaona munthu ndi khasu pano, ukuwe."

"Sinditha kukuwa."

"Lachiwiri unakuwa. Mapoto analira."

Chaka chino mpesa waphukanso, ngakhale agogo akuti masamba ake akadali okwiya. Minti anabwerera yekha, rigani wafalikira mpaka pakona. Amayi a mpingo wathu anapempha, ulendo uno ndi pakamwa, kuti alambuleko kanjira kokha kopita kuseri, ndipo agogo analola pokhapokha ine ndilipo. Ndiye ndalowa m'vuto lina. Khasu siligwa ndisanavomereze. Kaudzu kalikonse amakaloza.

"Funsani adokotala a udzu," amatero atcheya. "Adokotala, aka? Nanga aka? Lankhulani mokweza, lilime anakuyezani lilipo."

Kanjira koti munthu mmodzi angalambule asanamalize nyimbo kanatitengera m'mawa wonse. Mnzanga anakhala pampanda akugwedeza miyendo, akuseka. Chakumapeto, pafupi ndi geti, anti ena anakweza khasu pa chomera cha masamba aubweya chimene ndinali ndisanachionepo. Sindinaganize n'komwe.

"Siyani! Ndi ndiwo!"

Khasu linaima m'mwamba. Onse anabwerera m'mbuyo. Atcheya okha anatola miyala n'kuchizunguliza bwinobwino. Mnzanga anatsika pampanda n'kundinong'oneza kuti ndi udzu chabe, agogo akhala akufuna kuuzula chiyambire Epulo.

Ukadalipo. Wafika m'mawondo mwanga, ndipo atcheya amauthirira madzi otsukira makapu Lamulungu lililonse. Mnzanga amandifunsa nthawi ya nkhomaliro kuti ndiwauza liti. Ndamuuza kuti ulendo uno anene ndi iyeyo.